Chifukwa chiyani ankaponya ndege zankhondo zakutha m'nyanja poyesa catapult?

Funso: Ndinaonera kanema wakale wa sitima yankhondo ya ku Britain ikuponya ndege m'nyanja, injini ikulira koma mulibe munthu, mapiko atadulidwa. Wofotokoza ankati akuyesa makina oulutsira ndege otchedwa catapult. Kodi kumeneku sikunali kusakaza chuma? Bwanji sanangoponya chitsulo cholemera mofanana ndi ndegeyo? Nanga ndege zoti n'kumataya chonchi ankazitenga kuti?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Chitsulo chimene mukunenacho anachiponyadi, ndipo anachiponya maulendo oposa 1,000. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi ntchito yomwe inachitika pa sitima ya HMS Perseus mu 1951, pamene asilikali apamadzi a ku Britain ankayesa catapult yoyamba yoyendera nthunzi. Anayamba ndi ngolo zachitsulo, kenaka ndege za Seafire (Spitfire yosinthidwa kuti izitera pa sitima) zopanda munthu, ndipo pomaliza ndi pamene analola oyendetsa ndege kukwera. Ndege yakuthayo inali ndi malo ake pakati pa ziwirizi, chifukwa pali zinthu zimene ngolo singakuuzeni, komanso zimene simungayambe kuzifufuza munthu wamoyo ali m'kati.

Ndege zinali mbwee

Tiyambe ndi funso lanu lomaliza. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mafakitale anapanga ndege pa mlingo umene sunaonekenso mpaka lero. Britain inapanga ndege za Spitfire zoposa 20,000 ndi za Hurricane zoposa 14,000. Germany inapanga za Messerschmitt Bf 109 zoposa 33,000. Ku America, m'chaka cha 1944 chokha munatuluka ndege zoposa 96,000 za mitundu yonse, ndipo fakitale ya Grumman ku Bethpage, m'chigawo cha New York, inatulutsa ndege za Hellcat zoposa 600 mwezi wa Malichi 1945. Ndiye kuti pafupifupi 20 tsiku lililonse, pa fakitale imodzi.

Kuti afike pamenepo anachita kuiduladula ntchito. M'malo moti amisiri ochepa odziwa zonse amange ndege yathunthu, munthu aliyense anapatsidwa kachigawo kake, ndipo zitsulo zinkamangiriridwa pa zikombole zolimba kuti mabowo a maliveti azigwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Phiko lopangidwa m'tauni ina linkayenera kulowa bwinobwino pa thupi lopangidwa m'tauni inanso, osapala, osakhoma ndi hamala. Phindu lake linaoneka mu Seputembala 1940, Ajeremani ataphulitsa mafakitale a Supermarine, kampani yopanga Spitfire, ku Southampton. Zikombole ndi makina amene anapulumuka anazimwaza m'magalaja a galimoto, m'madepoti a mabasi, ngakhale m'nyumba yochapira zovala, ku Southampton komweko komanso ku Salisbury, Trowbridge, Reading ndi Newbury, ntchito n'kumapitirira. Fakitale yaikulu ya ku Castle Bromwich, ku Birmingham, inapanga yokha ndege za Spitfire zoposa 12,000.

Kamangidwe ka Hurricane ndi ka Spitfire kanali kosiyana. Hurricane inali ndi mafupa a mapaipi achitsulo olumikizidwa ndi timapuleti ndi mabawuti, osawotcherera, ndipo kumbuyo kwake kunali timatabwa tokutidwa ndi nsalu yopaka mankhwala. Chipolopolo chikaboola nsalu ankangoika chigamba. Paipi ikapindika ankaimasula n'kuikapo ina. Spitfire inalibe mafupa otero. Khungu lake la aluminiyamu ndilo linkasenza katundu, choncho likachita makwinya ndiye kuti ndege yafooka. Inkatenganso nthawi yaitali kupanga, maola a ntchito pafupifupi 15,000, pamene Hurricane inkatenga pafupifupi 10,000.

Nkhondo ili m'kati, ndege yowonongeka sinkatayidwa msanga. Bungwe la Civilian Repair Organisation, lomwe likulu lake linali ku Cowley ku Oxford, linkatolera ndege zakugwa n'kuzigawira makampani okonza, ndipo pomatha nkhondo linali litabwezera pa ntchito ndege pafupifupi 80,000. Koma mu 1945 zonsezi zinasanduka katundu wosowa pomuika. Ndege zimene America inabwereketsa Britain pa pangano la Lend-Lease zinkayenera kulipiridwa, kubwezedwa kapena kuwonongedwa. Britain inalibe ndalama, America sinkazifuna, ndiye ndege za Corsair ndi zina zambiri, zina zatsopano ndithu, anazikankhira m'nyanja kufupi ndi gombe la Australia. Ku Kingman, ku Arizona, ndege masauzande zinadulidwa n'kusungunulidwa. Ngati mukufuna poloza chala kuti apa chuma chinasakazidwa, lozani pamenepa. Pofika 1951 mtengo wa ndege ya pulopela yopuma ntchito unali mtengo wa aluminiyamu wake basi.

Ulendo wosabwerera, munthu alimo

Kuponya ndege yotopa ulendo umodzi wokha kunayamba kale pa nkhondo yomweyo. France itagwa mu 1940, ndege zikuluzikulu za Germany za Focke-Wulf Fw 200 Condor zinkanyamuka ku Bordeaux kukasaka sitima zamalonda pa nyanja ya Atlantic, kutali kumene ndege za kumtunda sizikanafika. Sitima zonyamula ndege zinali zochepa. Njira yamsanga inali kumanga njanji ya mamita pafupifupi 23 kumutu kwa sitima wamba ya katundu, kuikapo kangolo kokankhidwa ndi maroketi, n'kukhazikapo Hurricane. Sitima 35 zinakonzedwa motere, zotchedwa CAM ships, ndipo oyendetsa ndege zake ankaphunzirira pa catapult yapamtunda ku Speke, ku Liverpool.

Pa sitima yotere panalibe potera. Woyendetsa akathana ndi mdani, mtunda uli kutali, ankadumpha ndi parachuti pafupi ndi sitima zoperekeza kuti amuvuule. Kutera pamadzi ankakuopa chifukwa Hurricane ili ndi rediyeta yotulukira kumimba, imene imatunga madzi n'kugwetsa ndege chamutu, ndipo sichedwa kumira. Popeza ndege iliyonse yoponyedwa inali yotayika kale, anasankha za Hurricane Mk I zimene zinali zitagwira kale ntchito, n'kuziika zogwirira za catapult, n'kuzitcha Sea Hurricane IA. Pa 3 Ogasiti 1941 Robert Everett, ataponyedwa kuchokera pa HMS Maplin, sitima ya asilikali yokonzedwa mofananamo, anagwetsa Condor yoyamba mwa njirayi, ndipo anavuulidwa wamoyo. Amisiri anaphunzirapo chinthu chimene chinagwira ntchito pambuyo pake: ndege yoti iuluke kamodzi sifunika kukhala yangwiro paliponse, bola pamene makina akuikokera pakhale polimba.

Makina amene ankayesedwa

Vuto la 1950 linali lina. Ndege za jeti zinali zolemera kuposa za pulopela, zinkafuna liwiro lalikulu kuti mapiko azinyamule, komanso injini zake zoyambirira zinkakoka mwaulesi ndege ikangoyamba kuyenda. Makina a nthawi ya nkhondo ankayendera mpweya wopanikizidwa ndi mafuta a hydraulic: pisitoni yaikulu pansi pa bwalo la sitima inkakoka zingwe za waya zozungulira pa mawilo. Pofuna kuponya ndege yolemera ankayenera kukulitsa zingwe ndi mawilo omwe, ndipo mphamvu yambiri inkathera pothamangitsa zingwe zomwezo. Mafutawo analinso oopsa. Pa 26 Meyi 1954 mafuta a catapult anatuluka n'kuyaka pa sitima ya America ya USS Bennington, anthu oposa 100 n'kufa.

Injiniya wa ku Britain Colin Mitchell, pogwira ntchito ndi kampani ya Brown Brothers ya ku Edinburgh, anachotsa zingwe zonsezo. Anagoneka masilinda awiri aatali moyandikana pansi penipeni pa bwalo, iliyonse yong'ambidwa mpata pamwamba kuyambira koyambira mpaka kothera. M'silinda iliyonse muli pisitoni, ndipo mapisitoni awiriwo amalumikizidwa, kudzera m'mipatayo, ku chitsulo chotulukira pamwamba pa bwalo chotchedwa shuttle, chomwe chimakoka ndege. Ajeremani anagwiritsapo silinda yong'ambidwa yotere poponya mabomba ouluka a V-1, koma kwa iwo pisitoni inkatuluka n'kukagwera kutsogolo ulendo uliwonse. Mitchell ankafuna makina obwerera pamalo pake n'kuponyanso, ogwiritsa nthunzi ya m'maboila a sitima yomweyo.

Mudzafunsa kuti silinda yong'ambika isunga bwanji nthunzi. Pali lamba wachitsulo wotseka mpatawo m'litali monse. Pisitoni ikamadutsa imamunyamula lambayo kuti cholumikizira chidutse, kumbuyo kwake n'kumubwezera m'malo, monga zipi imatsekera m'mbuyo mwa kachitsulo kake, ndipo nthunzi yomwe ikukankha pisitoniyo ndi imene imapanikiza potsekapo kuti pagwire. Kothera kwa njanji, nsonga yaitali yosongoka ya pisitoni iliyonse imalowa m'silinda yodzaza madzi. Madziwo amafinyika n'kumathawira pa mpata umene ukunka nuchepa, ndipo zitsulo zolemera kuposa tani imodzi, zothamanga makilomita oposa 200 pa ola, zimaima pa mtunda wosakwana mamita 2. Kugunda kwake kumamveka sitima yonse.

Tiyeni tiwerengere, osaphatikizapo kukoka kwa injini. Tinene kuti ndege ya matani 20 ikufunika kufika liwiro la mamita 70 pa sekondi, amene ndi makilomita pafupifupi 250 pa ola, pa njanji ya mamita 76. Liwiro liyenera kumakwera ndi mamita 32 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndipo ulendo wonse utha m'masekondi awiri ndi pang'ono. Chilichonse cha m'ndegemo chimakankhidwira kumbuyo ndi mphamvu yoposa katatu kulemera kwake. Ngowe zimene chingwe chakolekedwapo zimakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi matani 65. Tsopano tinene kuti wotsegula valavu wauzidwa kuti ndege ikulemera matani 15 pomwe ikulemera 20. Idzachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 61 pa sekondi m'malo mwa 70. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma mphamvu yonyamula ya mapiko imatsika mofulumira kuposa liwiro. Apa yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ndege imagwera m'madzi patsogolo pa sitima imene ikubwera pambuyo pake. Mukalakwitsira mbali inayo, nthunzi yambiri pa katundu wopepuka, mukhoza kuzula ngowe kapena kuwononga buleki ya madzi ija.

Ntchito ya ngolo zachitsulo, zimene akatswiri amazitcha dead load, ili pamenepa. Ngoloyi ndi bokosi lachitsulo la mawilo, kawirikawiri lotsekedwa bwino kuti liyandame, lomwe mumalilemeretsa ndi mapuleti achitsulo kapena madzi. Mumayamba kuthamangitsa shuttle yopanda kanthu pa nthunzi yochepa kwambiri, kenaka ngolo yopepuka, n'kumakweza pang'onopang'ono. Ulendo uliwonse mumalemba kulemera kwa ngolo, mphamvu ya nthunzi m'thanki yosungira, kutentha kwa masilinda, ndi liwiro lothera. Kutenthako musakupepuse. Silinda yozizira imasandutsa nthunzi madzi isanagwire ntchito, komanso chitsulo chachitali chotero chimatalika masentimita angapo chikatentha, n'chifukwa chake masilinda amawatenthetsa kwa maola ambiri asanayambe kuponya. Pa maulendo mazanamazana amenewa mumapeza mndandanda wouza wotsegula valavu kuti pa kulemera kwakuti ndi mphepo yakuti, nthunzi ikhale yakuti. Pa Perseus anaponya maulendo oposa 1,500 onse pamodzi.

Zimene ngolo singakuuzeni

Ngolo ilibe miyendo yofewa, ilibe injini, ilibe mapiko. M'zaka zimenezo ndege inkakokedwa ndi chingwe chochindikala cha waya chotchedwa bridle, chokolekedwa pa shuttle ndi pa ngowe za pansi pa ndege. Kumbuyo inkagwiridwa ndi holdback, chomangira chokhala ndi kachitsulo kopimidwa kuti kaduke mphamvu ikafika mlingo wake. Chingwe chakutsogolocho chimakoka mopendekera pansi, choncho chimapanikiza ndege pa miyendo yake: mashoko amafinyika, matayala amaphwatalala. Shuttle ikaima mwadzidzidzi, mashoko aja amadumpha, ndipo kudumphako kukhoza kudzutsa mphuno kapena mchira. Chingwe nacho chimamasuka chili pa liwiro lonse, ndipo chimatha kukwapula mimba ya ndege, thanki yolendewera pansi, kapena mchira. Zonsezi zimachitika sekondi isanakwane.

M'kati namo muli nkhani. Mafuta a m'thanki amathawira kumbuyo, ndipo ngati paipi yoyamwira ili kutsogolo, injini imameza mpweya pa nthawi imene ikufunika mphamvu yake yonse. Oyilo amachitanso chimodzimodzi. Chogwirira choperekera moto chikakhala chosamangitsa chimabwerera chokha m'mbuyo. Nthunzi yothawa pa mpata wa njanji imalowa m'kamwa mwa injini, ndipo injini ya jeti ikhoza kutsamwa nayo. Makina a Mitchell anali atsopano, ndipo panalibe amene anaonapo mmene ndege yeniyeni ingachitire ikakokedwa nawo.

Seafire 47 inali yoyenera ntchitoyi. Unali mtundu womaliza wa banja la Spitfire. Zinapangidwa 90 zokha, yomaliza mu 1949, ndipo pofika 1951 malo ake anali akutengedwa ndi ndege za Sea Fury ndi za jeti. Inalinso itaonetsa pofooka pake. Mu 1950, pa nkhondo ya ku Korea, ndege za Seafire 47 za gulu la 800 pa HMS Triumph zinachita makwinya kumbuyo kwa thupi chifukwa chotera mwamphamvu pa sitima, moti atachoka kunkhondo n'kuyamba kutsata malamulo a nthawi ya mtendere, pafupifupi zonse zinaletsedwa kuuluka. Ndi khungu losenza katundu lija. Koma chimene ine ndimachiona chachikulu ndi injini yake ya Rolls-Royce Griffon, imene inkazunguza mapulopela awiri, ina kumanja ina kumanzere. Ndege ya pulopela imodzi ikapatsidwa moto wonse imapotokera mbali imodzi, ndipo woyendetsa amaiwongola ndi phazi. Popanda munthu ikhoza kukhota n'kuloza kumene kuli anthu. Ya mapulopela awiri imapita mowongoka. Mapiko anawadula kuti mphamvu yonyamula ichepe, ndege igwe m'madzi patsogolo pomwepo, isapite kutali.

Kakonzedwe ka ndege yoti iponyedwe

Si kungoitola pa dzala n'kuikoleka ayi. Choyamba mumatsegula buku la mbiri yake kuti muone maola amene yauluka, ngozi zimene inachita ndi malo amene anakonzedwapo. Kenaka mumalondola njira imene mphamvu idzadutse: ngowe, mabawuti ake, nthiti ndi mitanda imene ngowezo zamangidwapo, miyendo, ndi pogwira holdback. Malo amenewa ayenera kukhala abwino ngati a ndege yatsopano. Utoto mumaupala. Zitsulo za aluminiyamu mumazipaka mankhwala ofiira olowa m'ming'alu, kupukuta, n'kuwaza ufa woyera kuti mng'alu uonekere ngati kamzere kofiira. Zachitsulo chenicheni mumaziyeza ndi maginito ndi ufa wachitsulo. Dzimbiri la mchere limabisala pansi pa mitu ya maliveti ndiponso pamene chitsulo chakhudzana ndi aluminiyamu. Galasi losweka kapena wailesi yakufa zilibe kanthu, ndipo makwinya oletsa ndege kuuluka maola mazana sangailetse kupirira masekondi atatu, bola asakhale pa njira ya mphamvu ija.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Ngowe ikazuka chifukwa cha dzimbiri, simudziwa ngati cholakwa ndi catapult kapena ndege. Mwataya ndege osaphunzirapo kanthu, ndipo choipitsitsa n'chakuti mungayambe kusintha makina abwinobwino.

Kenaka mumachotsa zoopsa ndi zamtengo: mfuti, zipolopolo, mabotolo a okosijeni, wailesi, ndipo pa ndege za jeti, wonga wa mpando woponya woyendetsa kunja pangozi. Chilichonse chochotsedwa mumachiyeza pa sikelo n'kulemba pamene chinali, chifukwa kulemera kwake kuyenera kubwezeredwa pamalo omwewo ndi mtovu kapena zitsulo, kuphatikizapo kulemera kwa woyendetsa amene kulibeyo. Mukatha mumakweza ndege pa masikelo, gudumu lililonse pa sikelo yake, n'kuwerengera pamene pali pakatikati pa kulemera kwake. Pakatikatipo pakasunthira kumbuyo kupyola malire, ngakhale ndi masentimita ochepa, ndege ikangochoka imadzutsa mphuno, kuima chilili, n'kugwa pafupi ndi sitima.

Zolemeretsa zimamangidwa ndi mabawuti, osati zingwe. Chidutswa cha mtovu cha makilogalamu 100 chimakoka mabawuti ake ndi mphamvu yoposa makilogalamu 300 poponya, ndipo chikamasuka chimathamangira kumchira, kuboola zimene chapeza n'kusokoneza sikelo yonse ija. M'mathanki amene simukufunamo petulo mungathire madzi, koma muwadzaze tho, chifukwa a theka amakhavukira kumbuyo. Kumbukiraninso kuti lita ya madzi ndi kilogalamu imodzi pamene lita ya petulo wa ndege ndi magalamu pafupifupi 720. Njira ya madziyi ndi imene anagwiritsa ku Sandia, ku America, mu 1988, pamene anathamangitsa ndege yakale ya F-4 Phantom pa njanji ya maroketi n'kuiombetsa pa chipupa cha konkire pa liwiro la makilomita pafupifupi 770 pa ola. Ankafuna kuyeza kugunda, osati kuonera moto.

Miyendo mumaikhoma ndi mapini kuti isapindike. Zowongolera za kumapiko ndi kumchira mumazimanga zisagwedezeke. Petulo mumathira wa masekondi owerengeka, ndipo apa musachite chifundo, chifukwa ndege yopanda munthu koma yodzaza mafuta imavuta. Pa 16 Ogasiti 1956 ndege ya Hellcat yosinthidwa kuti iziwongoleredwa pa wailesi inanyamuka ku Point Mugu, ku California, n'kusiya kumvera. Ndege ziwiri za F-89 Scorpion zinaithamangitsa n'kuiombera maroketi 208 osaigwetsa. Maroketiwo anayatsa tchire ndi kuwononga katundu wa anthu pafupi ndi Palmdale, ndipo Hellcat inagwa yokha mafuta atatha.

Pomaliza ndi zoyezera. Tizipangizo toyeza kukokeka kwa chitsulo timamatidwa pa ngowe ndi pa miyendo, toyeza kukankhika timamangidwa m'thupi. Popeza ndegeyo sibwerera, zimene tayeza ziyenera kutumizidwa pa wailesi, apo ayi mudalire makamera ojambula zithunzi zambirimbiri pa sekondi, oikidwa m'mbali mwa bwalo. Mizere yoyera yopakidwa pa ndege ndi m'mbali mwa njanji imathandiza kuwerenga liwiro ndi kupendekeka pa chithunzi chilichonse, ndiponso kuona pamene chingwe chinachokera pa ngowe ndi kumene chinakwapula.

Tsiku loponya, sitima imaloza kumene mphepo ikuchokera, ndipo nyanja ya kutsogolo ndi m'mbali ikhale yopanda bwato lililonse. Nthawi yoopsa kwambiri si yoponya yeniyeniyo koma ya m'mbuyo mwake pang'ono. Wina ayenera kuliza injini, kupereka moto, kukhoma chogwirira, n'kuchoka mapulopela akuzungulira. Kuyambira pamenepo chimene chagwira ndege ndi kachitsulo ka holdback kokha. Kakaduka nthunzi isanatsegulidwe, ndege imayamba kuyenda yokha ndi mphamvu ya injini, chingwe chili lende, opanda woponda buleki. N'chifukwa chake kachitsulo kameneka kankagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo mtundu uliwonse wa ndege unali ndi kake. Kuika ka ndege ina n'kulakwitsa kumene kungaphe anthu.

Ndege zopanda munthu zitachoka bwino, oyendetsa anakwera. Mu Januwale 1952 Perseus inafika ku Philadelphia kukaonetsa makinawa kwa Aamerika, amene anawatenga n'kuwatcha C-11, ndipo mu 1954 USS Hancock inayamba kuponya nawo ndege.

Nanga lero?

Masiku ano simudzaona kawirikawiri ndege yathunthu ikuponyedwa m'madzi. Ndege n'zochepa ndiponso n'zodula, makompyuta amawerengera zambiri zimene kale ankaziona ndi kamera, ndipo kuyambira m'ma 1960, pa ndege monga A-6 Intruder ndi E-2 Hawkeye, chingwe cha bridle chinayamba kulowedwa m'malo ndi chitsulo chomangidwa pa mwendo wakutsogolo, chimene chimagwira shuttle mwachindunji. Koma chachikulu ndi catapult zapamtunda, monga za ku Lakehurst ku New Jersey ndi ku Patuxent River ku Maryland. Kumeneko kutsogolo kwa njanji kuli msewu wa ndege, choncho liwiro likaperewera woyendetsa amangopitirira pa matayala. Catapult yamagetsi ya EMALS inaponya ndege yake yoyamba ku Lakehurst mu Disembala 2010. Mu Juni 2015 sitima ya America ya Gerald R. Ford, ili pa doko ku Newport News, inaponya ngolo m'mtsinje wa James, zolemera kwambiri mwa ngolo zoterezi zikufika matani pafupifupi 36, n'kumazivuula kuti zigwirenso ntchito. Ndege yoyamba inaponyedwa pa sitimayo mu Julayi 2017.

Dziwaninso malire ake. Ndege yakale imayesa makina, sivomereza ndege ina. Seafire ikachoka bwino sizitanthauza kuti jeti yatsopano ipirira. Mtundu uliwonse watsopano umakokedwa wokha m'nyumba yoyesera mpaka zitsulo zake zionetse malire, kenaka umakaponyedwa pamtunda. Ndi chifukwa chake Afalansa ananyamula ndege yawo ya Rafale M kupita nayo ku Lakehurst ndi ku Patuxent River mu 1992, popeza kwawo kunalibe catapult yapamtunda yoyenera.

Kumene ndege yopuma ntchito ikufunikabe ndi mbali yoimitsa. Ndege imene ngowe yake yakumchira kapena mwendo wawonongeka imakodwa ndi ukonde waukulu wa malamba a nayiloni woimikidwa modutsa bwalo la sitima, ndipo malambawo amagwira pa mapiko. Ngolo ilibe mapiko, choncho singasonyeze ngati malamba agwira mofanana mbali zonse, ngati adulidwa ndi pulopela, kapena ngati atsetserekera pa galasi la oyendetsa. Ku Lakehurst kuli njanji yaitali yokhala ndi ngolo yokankhidwa ndi injini za jeti, ndipo mu 2019, poyesa makina atsopano oimitsira ndege a sitima za mtundu wa Ford, anathamangitsa pamenepo E-2C Hawkeye yopuma ntchito, yopanda munthu, n'kuilowetsa mu ukondewo.